Mwamva zochotsa maselo okalamba pa matenda a Duchenne? Yambani ndi izi musanagule kalikonse

Mwana wanu akakhala ndi Duchenne muscular dystrophy, matenda obadwa nawo ofooketsa minofu, nkhani iliyonse ya mankhwala atsopano imadumphitsa mtima. Iyi ya ma senolytic, mankhwala ochotsa maselo okalamba m'thupi, ndiyopatsadi chiyembekezo, koma tiyende nayo pang'onopang'ono.

Yambani ndi kumvetsa chomwe akufuna kukonza. Thupi la mwanayo silipanga dystrophin, puloteni yomwe imateteza minofu kuti isamang'ambike ikamagwira ntchito, ndipo poti jini yake ili pa X chromosome, odwala ambiri ndi anyamata. Mnofu ukang'ambika amathamangirapo maselo achitetezo otchedwa macrophage kudzasesa zowonongeka, ndiye poti kung'ambikako sikutha ma macrophage ena amakalamba, kufa osafa, ntchito osagwira, kumangotulutsa timadzi totupitsa tomwe timafooketsa maselo omanga mnofu watsopano. Ma senolytic ntchito yawo ndi kupha okalambawo basi. Dystrophin sabwezeretsa ayi, ichi musaiwale.

Kenako chilichonse mwawerenga funsani kuti anayesa pa ndani. Mwa ma senolytic amenewa, fisetin anamuyesa pa mbewa, navitoclax pa makoswe, minofu inaonetsa kusintha, koma mbewa si mwana wanu. Mbewa zotchedwa mdx, zosowa dystrophin, zomwe amakonda kugwiritsa ntchito mu labu sizidwala kwambiri ngati munthu, zimayendabe pomwe mwana wa zaka 5 akudzuka pansi mogwira mawondo kenako ntchafu ngati akukwera thupi lake lomwe.

Zogula nokha pa intaneti izi ayi ndithu. Navitoclax amatsitsa ma platelet, tizidutswa toundanitsa magazi, moti magazi amavuta kuundana, dasatinib, senolytic winanso, ndi mankhwala a khansa ya m'magazi, ndipo botolo la fisetin logulitsidwa ngati supplement (chowonjezera pa zakudya) palibe amene angakuuzeni mlingo woyenera mwana.

Ngati mwana akumwa prednisone kapena deflazacort, mankhwala omwe madokotala amapereka pa Duchenne, musamusiyitse mwadzidzidzi kuti muyese zatsopano, thupi limakhala litazolowera ndipo kusiya kamodzin'kamodzi kutha kumudwalitsa koopsa. Kuyezetsa mtima ndi kapumidwe kusadukize, masewera owongola miyendo aja nawonso apitirire.

Mukufuna mwana alowe nawo m'kafukufuku? Tsegulani ClinicalTrials.gov, tsamba la pa intaneti la mndandanda wa kafukufuku wa mankhwala, lembani Duchenne, muone zaka zomwe akufuna, ngati akufuna oyendabe, komanso mtundu wa vuto la jini. Zotsatira za jini za mwanayo zikhale m'manja, mukazitengere kwa dokotala wake limodzi ndi zomwe mwapezazo.