Masamba asafere mumphika: kaphikidwe ka ndiwo zakudimba

Kuyambira ku Bembeke kutsika mpaka pa Lizulu ndi ku Tsangano, ndiwo zamasamba si zosowa. Kabichi, karoti, nsawawa, mbatatesi, repu ndi tomato zimadzaza magalimoto opita ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Vuto lili kukhitchini. M'makomo ambiri masamba amafika pambale atasuluka, atalema, madzi ake atakhuthulidwa kuseri kwa nyumba, ndiye mwana akawakana timati ndi wosankha ndiwo. Chimapha masamba ndi madzi ochuluka, soda, ndi kuwaiwala pamoto.

Thyolani masamba m'mawa dzuwa lisanakwere, muphike tsiku lomwelo. Ngati munapopera mankhwala m'dimba, werengani pabotolo masiku oyenera kudikira musanathyole, chifukwa kutsuka kokha sikuchotsa mankhwala onse. Tsukani masamba ali athunthu, kenaka muduledule. Mukayamba kudula n'kumatsuka pambuyo, vitamini C amatuluka m'mabala a mpeni n'kutsalira m'beseni.

Tiyambe ndi nkhwani wotendera wa anthu asanu. Pafunika nkhwani wanthete wodzaza lichero laling'ono, tomato awiri akupsa bwino, theka la kapu ya tiyi ya nsinjiro zosefa, ndi mchere wa ayodini pang'ono. Sadzulani nkhwani kuchotsa mitsitsi ya m'mapesi, tsukani, dulani. Ikani madzi theka la kapu basi mumphika. Akawira, ponyani masamba ndi mchere n'kuvundikira kwa mphindi 5. Vundukulani, yalani tomato pamwamba, pamwamba pa tomatoyo muwaze nsinjiro, muvundikirenso mphindi zina 5 osatakasa. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Nsinjiro zikatakasidwa msanga zimatsikira pansi, zimagwira mphika n'kupserera masamba asanapse. Zisiyeni zifewe ndi nthunzi, kenaka mutakase ndi mthiko, muchepetse nkhuni, zitokote mphindi 5 mpaka 8 kufikira fungo la mtedza wauwisi litatha. Ndiwo zikalimba kwambiri, onjezani masupuni awiri a madzi otentha, osati ozizira.

Mtedza wosinja muusankhe kaye. Njere zofota, zoboola ndi zachuku tayani, musaziponyere mumtondo poti zisawonongeke. Chuku cha mtedza chimakhala ndi poizoni wowononga chiwindi, ndipo kuphika sikumupha.

Nanga soda? Tikudziwa kuti amafewetsa masamba msanga ndi kuwasiya obiriwira bwino, n'chifukwa chake amayi ambiri amamukonda, monganso chidulo. Koma kubiriwirako n'kwa m'maso chabe, chifukwa soda amawononga vitamini C ndi ena a gulu la B. Masamba anthete safuna soda. Akakhala okhwima, aduleni mopyapyala kwambiri, afewa okha.

Kabichi, repu ndi chainizi zili kale ndi madzi ake, musathire ena. Tenthetsani masupuni awiri a mafuta, kazingani anyezi mmodzi mpaka awale, ikani tomato, kenaka theka la mutu wa kabichi wodula mopyapyala. Tembenuzani pamoto wamphamvu mphindi 6 kapena 7. Kabichi wabwino azimveka pang'ono pamano. Fungo loipa lija limene limadzaza nyumba ndi chizindikiro chakuti wapsa mopitirira. Mafutawo musawaone ngati chakudya cha anthu olemera: vitamini A wa mu karoti ndi masamba obiriwira amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta pang'ono, ndipo nsinjiro zimagwiranso ntchito yomweyo.

Amene muli ndi mabuku ophikira, makamaka olembedwa kunja, muziwawerenga mochenjera. Ambiri analembera chitofu cha gasi chimene moto wake umachepa potembenuza kabatani, pamene pambaula kapena pamafuwa moto umachepa pochotsa makala kapena chikuni. Pamene buku likuti sipinachi, ikani bonongwe kapena kholowa. Pamene likuti kirimu, nsinjiro zisungunuleni m'madzi ofunda. Nthawi zolembedwamo nazonso musazikhulupirire kwambiri kuno kumapiri. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo pamalo otere madzi amawira atafika madigiri 95 okha m'malo mwa 100. Masamba sazimva zimenezi, koma nyemba ndi mbatatesi zimachedwa kupsa. Nyemba zouma muzizinyika usiku wonse, m'mawa mutaye madziwo, muziwiritse pamoto wamphamvu, ndipo tomato muike zitafewa kale, popeza kuwawasa kwa tomato kumalimbitsa khungu la nyemba.

Mphika wina woyenera nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye ndi wa mbatatesi, karoti ndi nsawawa. Kazingani anyezi ndi adyo, ikani mbatatesi zisanu ndi imodzi zodula panayi ndi tomato atatu, thirani madzi ongofika pakati pa mbatatesizo, osazimiza. Pakatha mphindi 10 ikani karoti awiri odula mozungulira. Nsawawa zaziwisi kapu imodzi zilowe kumapeto, mphindi 5 zokha, apo ayi zimakwinyika n'kutaya kutsekemera. Phwanyani mbatatesi ziwiri ndi mthiko kuti msuzi ukhale wogwirana. Mbatatesi zobiriwira khungu kapena zophuka muzisende mozama, ndipo zobiriwira mpaka mkati zitayeni, zimawawa ndipo zimadwalitsa m'mimba. Zimabiriwira chifukwa chosungidwa powala, choncho muzizisunga mumdima.

Chigwada chokha ndiye chosiyana ndi zonse tanenazi. Masamba a chinangwa ali ndi poizoni wachilengedwe, ndiye amafuna kusinjidwa bwino mumtondo ndi kuwiritsidwa nthawi yaitali mphika uli wosavundikira, mpaka kuwawa kutatha. Pamenepa musafulumire.

Pogawa ndiwo, finyirani ndimu pang'ono pa bonongwe kapena nyemba, kumathandiza thupi kutenga ayironi wowonjezera magazi. Tiyi amachita zosiyana, choncho amayi oyembekezera ndi ana adikire ola limodzi akatha kudya asanamwe.