Kuyendetsa nokha kuchoka ku Blantyre mpaka ku Joni: zomwe msewu wa dziko lililonse umafuna

Mlongo wanga amakhala ku Johannesburg, ndipo ndapitako kangapo pa galimoto yanga kudzera ku Tete ndi ku Harare. Anthu akamandifunsa za ulendowu amayamba ndi mtengo wa mafuta. Ine ndimayamba ndi china. Malawi, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa, tonse timayenda kumanzere, chiwongolero chili kumanja, ndiye munthu umadzinamiza kuti msewu ndi umodzimodzi. Ayi ndithu. Dziko lililonse madalaivala ali ndi kalankhulidwe kawo, ndipo mlendo wosakamva ndi amene amachititsa ngozi.

Mapepala muwakonze mukadali kunyumba. Pasipoti, laisensi, bulubuku ya galimoto, kalata ya apolisi yotsimikiza kuti galimotoyo si yakuba, ndipo ngati ili m'dzina la munthu wina kapena la banki, kalata yokulolani kutuluka nayo m'dziko. Inshuwalansi ya Yellow Card ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a chigawo chino, imagwira ntchito ku Zimbabwe, koma Mozambique sali mu COMESA, choncho inshuwalansi yawo mumagula pachipata pa Zobue mukangodutsa Mwanza. Pa boda iliyonse mumatenga chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi, chomwe ambiri amangoti TIP. Kapepala kameneka kasungeni ngati khanda, chifukwa potuluka adzakafuna. M'buti muikemo mathirayango awiri, chozimitsira moto, jeke, tayala la sipeya lopopa bwino, ndipo vesiti yonyezimira ikhale m'kati pafupi ndi inu, osati pansi pa katundu.

Ndimanyamuka ku Blantyre kusanache kuti ndifike pa Mwanza mathiraki asanachuluke. Ku Mozambique nkhani yaikulu ndi liwiro. Mukalowa m'kamudzi kapena katauni tsikani pa 60 nthawi yomweyo, ngakhale mukuona nyumba zitatu zokha ndi mbuzi, ndipo musakwezenso mpaka mutaona chikwangwani chokumasulani. Apolisi apamsewu amaima ndi kamera malo ngati amenewo. Akakuimitsani, patsani moni kaye. "Bom dia" yekha amafewetsa nkhope ya munthu, ndipo cha ku Zobue ndi Moatize ambiri amamva Chinyanja, moti mutha kumvana bwinobwino. Ngati mwalakwadi, lipirani chindapusa n'kupempha lisiti. Ku Tete mumaoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, pomwe mathiraki akuluakulu amadzera wa Kassuende womwe unatsegulidwa mu 2014. Kutentha kwa ku Tete si kwamasewera, yang'anani geji ya injini pafupipafupi ndipo madzi akumwa asakuthereni.

Mukadutsa Changara n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, maso a apolisi amakhala pa galimoto yeniyeniyo. Timalifulekita toyera kutsogolo ndi tofiira kumbuyo, magetsi onse oyaka, chozimitsira moto chosatha ntchito. Zonsezi zikonzeni ku Limbe, osadikira kuti mukagule pa boda. Nyamulani madola a America ang'onoang'ono a pa tolugeti ndi petulo, chifukwa chenji imavuta. Mu Harare makombi amaima paliponse pomwe aona munthu, ngati maminibasi athu a ku Ndirande, ndiye zimenezo sizikudabwitsani. Chomwe ndikukupemphani ndi chakuti mugone ku Harare kapena ku Masvingo. Kuchoka ku Harare kufika ku Beitbridge ndi pafupifupi makilomita 580, ndipo chigawo cha kummwera kwa Masvingo usiku abulu ndi ng'ombe zimaima pakati pa tala. Bulu sathawa magetsi. Tsiku lina chakumadzulo ndinamuona wina ataima pa mzere woyera, mutu uli pansi, ndipo ndinaponda buleki mpaka zikwama za kumbuyo zinagwera kutsogolo. Kuyambira pamenepo dzuwa likalowa ndimaimika.

Boda ya Beitbridge imagwira ntchito usana ndi usiku, koma mu Disembala konzekerani kudikira. Mukaoloka Limpopo n'kufika ku Musina, ku South Africa, apa mpomwe Mmalawi ayenera kuphunziranso kuyendetsa.

Choyamba ndi four-way stop, mphambano yomwe mbali zonse zinayi zili ndi chikwangwani cha STOP. Aliyense amaima, kuima kwenikweni matayala osazungulira, ndipo amene wayamba kufika ndi amene amayamba kudutsa. Palibe zoti wa galimoto yaikulu apite kaye, palibenso zolowetsa mphuno pang'onopang'ono monga timachitira kwathu. Ulendo wanga woyamba ku Louis Trichardt ndinaima n'kumadikira kuti msewu uyere. Mayi wina wa pa bakkie yoyera, yomwe kwathu timati pikapu, anali kundikodola ndi dzanja, wakumbuyo akuimba hutala, chifukwa nthawi inali yanga ndipo onse ankadikira ine. Werengani amene munawapeza. Akadutsa amenewo, pitani osazengereza, poti kukayikakayika kumasokoneza mzere wonse. Maloboti akazima, zomwe zimachitika kawirikawiri magetsi akathima ku Joni, lamulo limati mphambanoyo muitenge ngati four-way stop yomweyo.

Chachiwiri ndi mzere wachikasu wa m'mbali mwa msewu. Pa N1, msewu waukulu wopita ku Joni, liwiro limafika 120, ndipo galimoto yothamanga ikakufikani kumbuyo, anthu kumeneko amapatukira kumanzere kupyola mzere wachikasuwo kuti mnzawo adutse. Wodutsayo amaphethiritsa mahazadi kawiri kapena katatu kuthokoza, inu mumayankha pophethiritsa magetsi akutsogolo. Ndi khalidwe lomwe ndimalikonda kwambiri, ndipo ndimalakalaka titalitengera pa M1. Koma lili ndi malire ake. Lamulo limalola masana okha, pa msewu wa mzere umodzi mbali iliyonse, komanso pomwe mukuona bwino mamita 150 kutsogolo. Pokhota, pachitunda kapena usiku musapatuke ngakhale wakumbuyo akukuunikirani, chifukwa m'mbalimo mutha kupeza thiraki yofa kapena munthu woyenda pansi.

Ma indiketa a mathiraki nawonso amalankhula, nthawi zambiri motere: wakumanja akuti musadutse kukubwera ina, wakumanzere akuti dutsani. Ndimathokoza chizindikirocho, koma sindituluka ndisanaone ndi maso anga.

Matolugeti a pa N1 ndi angapo, kuyambira Baobab, Capricorn, Nyl, Kranskop mpaka Carousel ndi Pumulani pafupi ndi Pretoria, ndiye marandi akhale pafupi. Pakati pa Pretoria ndi Johannesburg msewu umasanduka wa mizere inayi kapena isanu mbali imodzi. Khalani kumanzere, mzere wakumanja ndi wa odutsa, ndipo foni yolozera njira muitchere musananyamuke, osati mukuthamanga. Ine ndimayesetsa kulowa mumzindawo cha m'ma 10 koloko m'mawa, opita kuntchito atachepa. Pa maloboti zitseko ndimakhoma, chikwama ndi foni ndimaika pansi pa mpando, ndipo pakati pa ine ndi takisi ya kutsogolo ndimasiya mpata woti ndione matayala ake akumbuyo, chifukwa imatha kuima mwadzidzidzi munthu akangokweza chala m'mbali mwa msewu.