Momwe mungaphunzitsire mwana mayina a Chingerezi a madera a mumzinda

Mwana wa Sitandade 4 kapena 5 wokulira ku Lilongwe amadziwa bwino lomwe kusiyana kwa Kanengo ndi Area 10. Mufunseni m'Chichewa, ayankha mosajejema kuti kwinaku kuli mafakitale ndi malole onyamula fodya, kwinako kuli nyumba za mipanda italiitali ndi alonda pageti. Mukati anene zomwezo m'Chingerezi, amangoti kakasi. Mzindawo amaudziwa ndithu, chimene akusowa ndi mayina ake okha. Ntchito yanu monga kholo kapena mphunzitsi ndi yopatsa mayina malo amene mwanayo amapondamo tsiku ndi tsiku, osati kumuloweza mndandanda wa mawu a m'buku lojambulidwa mizinda ya kunja imene sanaionepo. Ndipo mpofunika kuyamba msanga, chifukwa akafika makalasi apamwamba a pulayimale maphunziro ambiri amadza m'Chingerezi, mpaka mayeso a PSLCE a ku Sitandade 8.

Choyamba, yambirani pa mawu amene ali kale m'kamwa mwake

Chichewa cha m'tawuni nchodzaza ndi mawu obwereka: depoti, siteji, banki, polisi, golosale, tchalitchi, fakitale. Uzani mwana atchule malo onse amene amadutsa kuchokera pakhomo mpaka kusukulu, inu muzilemba. Kenako pambali pa liwu lililonse lembani la Chingerezi: *bus depot*, *bank*, *police station*, *grocery*, *church*, *factory*. Mwana amasangalala kuona kuti theka la phunzirolo analidziwa kale. Mukatero onjezani amene Chichewa chili ndi akeake: msika ndi *market*, mlatho ndi *bridge*, chipatala ndi *hospital*, bwalo la zamasewero ndi *stadium*.

Pali mawu atatu ofunika kusamala nawo. Siteji ya minibasi, m'buku la kusukulu ndi *bus stop*. Maloboti a pamphambano ndi *traffic lights*, ndipo mwana akalemba *robots* m'chimangirizo, wochonga wina aganiza za makina oyenda ngati munthu. Lokeshoni nayo ndi *township*. Musamukalipire akanena za m'misewuzi, popeza ndi zimene kondakitala amamva. Ingomuuzani kuti pali mawu a panjira ndi mawu a papepala, ndipo onse aziwasunga.

Katchulidwe nakonso kagwireni pompano, kasanazike mizu. Lilime lathu limakonda kutsiriza liwu ndi lembo la liwu, nchifukwa chake mwana amati *banki* ndi *marketi* ngakhale pakati pa chiganizo cha Chingerezi. Mutchulireni pang'onopang'ono, muombe m'manja pamene liwu lathera, iye aleke pomwepo. Mu *depot* lembo lomaliza silimveka konse. Vuto lina ndi la *l* ndi *r*: *road* ndi *load*, *river* ndi *liver*. Poti *l* nsonga ya lilime ikhudze kuseri kwa mano am'mwamba, poti *r* isakhudze kalikonse. Mphindi zochepa patsiku nzokwanira.

Chachiwiri, jambulani mzindawo pansi

Simukusowa mapu ogula. Katoni yakale yotambasula ndi khala, kapena bwalo losesedwa bwino ndi kamtengo, zikwana. Yambani ndi mzere wokhotakhota wa mtsinje wa Lilongwe. Kummwera ikani Old Town ndi msika wake ndi depoti. Chapakati ikani City Centre ndi Capital Hill, kumpoto Kanengo, ndipo kutsogolo kwake Lumbadzi komwe kuli bwalo la ndege la Kamuzu. Nyumba yanu iikeni ndi mwala, ndipo mwana auike yekha.

Pamapu amenewa ndi pamene mulowetse mayina akuluakulu a madera. Kumene anthu amagona ndi *residential area*. Kumene kuli mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu ndi *industrial area*. Kumene kuli masitolo ndi mabanki ndi *commercial area*. Kumalire, kumene nyumba zayamba kutalikirana ndipo minda ya chimanga yayamba kuoneka, ndi *outskirts*. Mawu anayi okhawa ndi ntchito ya sabata yathunthu, musaunjike ena pamwamba.

Ana a ku Lilongwe liwu loti *area* amalimva ngati chiyambi cha nambala basi: Area 18, Area 25, Area 47. Afotokozereni kuti nambalayo ndi dzina chabe, sinena chimene chimachitika kumaloko, ndiponso manambalawo sanandandalikidwe motsatana pamapu. Funso lothandiza ndi lakuti, “What do people do in this area?” Yankho lake ndilo limasankha dzina.

Pofika pa Capital Hill, mbiri pang'ono imathandiza liwu kukhazikika. Likulu la dziko linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, ndipo nchifukwa chake mzindawu ndi *capital city*, komanso maofesi a maunduna, *government offices*, anamangidwa malo amodzi. Nyumba ya Malamulo yomwe inatsegulidwa mu 2010 ndi *Parliament Building*. Bwalo la Bingu, lotsegulidwa mu 2017, mwana aliyense wokonda mpira amalidziwa, choncho *stadium* salimbana nalo.

A ku Blantyre chitani chimodzimodzi ndi mzinda wanu: Makata ndi Ginnery Corner kwa mafakitale, Victoria Avenue ndi Limbe kwa malonda, Wenela kwa mabasi, Namiwawa ndi Ndirande kwa nyumba. Ku Mzuzu, Luwinga ndiye wa mafakitale.

Chachitatu, kwerani naye minibasi

Apa ndiye pagona phunziro lenileni. Tsiku lomwe muli ndi ulendo kale, mtengeni mwana, mumukhazike cha pawindo. Tiyerekeze kuti mwakwera ya ku Area 25 yodzera ku Kanengo. Isananyamuke, pali kale zoti atchule: *depot*, *market*, *mosque*, ndi ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu, *vendors*. Powoloka mtsinje mumugwire paphewa, anene yekha *bridge*. Pa Area 18 aone msewu wina ukudutsa pamwamba pa unzake, *interchange*. Mukayandikira Kanengo, m'nyengo ya malonda a fodya, aona malole odzaza mabelo atafola kudikira kulowa kuokushoni, aonanso nkhokwe zazitali za konkire zosungiramo chimanga cha boma. Apo mufunse motsitsa mawu, “Mwanangu, kuno ndi dera lanji?” Akayankha kuti “Amayi, ndi *industrial area*,” liwulo lalowa limodzi ndi fungo la fodya wouma, ndipo silidzachoka msanga. Mungaonjezepo *warehouse*, *silo* ndi *lorry*.

Musasandutse minibasi kukhala kalasi yomulakwitsa pagulu. Ana ambiri amachita manyazi kuyankhula Chingerezi pamaso pa akuluakulu osawadziwa. Akaphonya, nenani liwu loyenera kamodzi, nkhani ipitirire. Zikwangwani za m'mbali mwa msewu nazo ndi buku laulere: *pharmacy*, *filling station*, *hardware*, *butchery*. Aziwerenga zimene maso ake agwira, ndipo pobwerera musinthane, iye akhale wofunsa.

Chachinayi, mawu alowe m'ziganizo

Mwana wodziwa *bank* ndi *market* koma osatha kunena kuti chimodzi chili pati poyerekeza ndi chinzake sanafike. Bwererani pamapu aja ndi kachitsekerero ka botolo ngati galimoto. Phunzitsani *near*, *next to*, *opposite*, *behind* ndi *between*, mukusuntha kachitsekereroko. Kenako inu mukhale mlendo wochokera kumudzi amene wasochera: “Excuse me, where is the hospital?” Iye ayankhe, “Go straight, cross the bridge and turn left.” Ngati pakhomo pali ana angapo, wina akhale kondakitala woitanira malo m'Chingerezi, ena apaulendo onena kumene atsikire ndi chifukwa chake.

Chachisanu, samalani dzina limene mupatse kwanu komwe

Mabuku ena a Chingerezi akajambula nyumba zothithikana za njerwa zosaotcha amalemba pansi pake kuti *slum* kapena *shanty town*. Mwana wa ku Mtandire, ku Chinsapo, ku Mgona kapena ku Mbayani akaona chithunzicho amazindikira kwawo, ndipo liwu loyamba la Chingerezi lonena za kwawo limakhala lonyoza. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa mwana wotere amayamba kunama za kumene amakhala akafunsidwa m'kalasi, ndipo wonama sayankhula momasuka.

Mawuwo awadziwe, pakuti adzakumana nawo powerenga. Koma oti azinenera za kwawo mpatseni amene akatswiri oyala mizinda amagwiritsa ntchito: *high-density area* kumene nyumba zili pafupipafupi, *low-density area* kumene mapuloti ndi aakulu monga ku Area 10 ndi Area 43, ndi *informal settlement* kumene anthu anamanga malowo asanayalidwe ndi khonsolo. Amenewa amafotokoza mmene malo alili popanda kuweruza okhalamo. Muyeserereni mpaka azitha kunena mutu uli m'mwamba: “I live in Mtandire. It is a high-density area near Area 47. There is a market, a school and a church.” Mwana wa kumayadi nayenso aphunzire mawu omwewa, asamakule akuganiza kuti mzinda umathera pampanda wa kwawo.

Pomaliza, kubwereza

Mawu asanu kapena asanu ndi limodzi pa sabata ndi okwanira kwa mwana wa pulayimale. Alembeni pa tizidutswa ta katoni, Chingerezi mbali ina, chithunzi chojambula mwanayo mbali inayo, muziika m'chitini. Madzulo mukudikira kuti ndiwo zipse, atolemo tiwiri, apange ziganizo. Amene mukukhala kutali ndi mzinda, paboma kapena pa *trading centre* ya kwanu pali kale msika, chipatala, polisi ndi siteji, choncho yambirani pamenepo.

Pakatha mwezi muyeseni motere: alongosole m'Chingerezi njira yochokera pakhomo kukafika kuchipatala chapafupi, atchule malo atatu a panjira ndi mtundu wa dera limene chipatalacho chili. Mawu amene wakakamira pa iwo abwerere m'chitini, akhale oyamba sabata yotsatira.