Dzuwa limapha tizilombo m'madzi, koma silichotsa mankhwala otayidwamo

Kuthira madzi m'botolo lapulasitiki loonekera mkati n'kuliyanika padzuwa kwa maola 6 ndi njira yabwino ndithu, chifukwa kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso, kotchedwa UV, kumapha tizilombo toyambitsa kolera ndi kutsegula m'mimba. Koma musaganize kuti kumachotsanso mankhwala a kuchipatala amene alowa m'madzimo.

Dzuwa limangophwanya ena mwa mankhwalawo n'kuwasandutsa zinthu zina, ndipo nthawi zina zinthuzo zimakhala zoopsa kuposa mankhwala oyambawo. Carbamazepine, amene amamwa odwala khunyu, sawonongeka msanga, ndipo UV ikamuphwanya amatha kutulutsa acridine, poizoni wowononga majini a m'maselo, omwe amasunga chibadwa cha zamoyo. Naproxen ndi diclofenac, ochepetsa ululu aja, nawonso akaombedwa ndi dzuwa amasiya zotsalira zopweteka ndere ndi tizamoyo ting'onoting'ono tomwe nsomba zimadya. Kuwiritsa madziwo sikuthandiza kwenikweni apa.

Choncho mapiritsi otsala kapena otha ntchito musawataye m'ngalande, m'sinki, m'chimbudzi chamadzi kapena mumtsinje. Asiyeni m'paketi yake, kutali ndi ana, ndipo mukawapereke ku famase kapena kuchipatala. Madzi akumwa musatunge kumunsi kwa pomwe pamatulukira zonyansa za m'tauni, ngakhale aoneke oyera bwanji.