Kupanga Makabati a m'Kalavani ndi Mafelemu a Aluminiyamu

Mukafuna kupanga makabati m'kalavani yogonamo paulendo, mafelemu a aluminiyamu okhala ndi ngalande mbali zonse zinayi ndi abwino kwambiri, chifukwa aluminiyamu amapepuka pafupifupi katatu poyerekeza ndi chitsulo wamba, ndiponso mafelemuwa safuna kuwotcherera. Pa makabati ang'onoang'ono, mafelemu a mamilimita 20 m'lifupi amakwanira, ndipo ngalande zake, zomwe nthawi zambiri zimakhala za mamilimita 6, zimagwirizana ndi mabawuti a M5 (onenepa mamilimita 5).

Yezani kaye malo mkati mwa kalavaniyo, podziwa kuti makoma ake kawirikawiri sawongoka ndendende. Dulani mafelemu ndi sowo ya mano odulira aluminiyamu, kenako palani m'mphepete ndi tupa. Lowetsani manati m'ngalande musanalumikize makona, popeza ngalande ikatsekeka uku ndi uku manati otsetserekawo salowanso, ndipo mungafunike kumasula felemu yonse chifukwa cha nati imodzi yokha. Matabwa opyapyala amalowa m'ngalande momwemo, koma mutsekeremo labala kuti asamagogode.

Chimene ambiri amanyalanyaza ndi kugwedezeka kwa pamsewu, komwe kumamasula mabawuti pang'onopang'ono. Pakani guluu wolimbitsira mabawuti pa bawuti iliyonse, ndipo pomangirira kabati kuchitsulo cha kalavani ikani pulasitiki pakati, chifukwa pakakhala chinyezi aluminiyamu wokhudzana ndi chitsulo amadyeka. Zitseko nazo zikhale ndi zokolera zolimba kuti zisatseguke mukukhota.