Malangizo osinthira malaiti a motoka ndi mafogi osathobwa anzanu m'maso

Malangizo awa ndi a inu amene mwatopa ndi malaiti ofooka usiku ndipo mufuna kuika mababu owala kwambiri kapena mafogi atsopano, malaiti aja a pansi oyendera mu nkhungu. Muwerenge kaye musanatsegule boneti, chifukwa babu latsopano kuyaka liyaka ndithu, nkhani ili pa kumene kuwala kwakeko kukagwere. Motoka yothamanga makilomita 100 pa ola imadya mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi, manje ganizirani dalaivala amene akubwera kutsogolo kwanu wathobwa m'maso masekondi awiri chabe, wayenda mamita opitirira 50 osaona kanthu, ndipo motoka imene akuyandikirayo ndi yanu yomweyo.

Musanagule kanthu yambani mwaona galasi la laiti. Magalasi a mamotoka ambiri masiku ano ndi a pulasitiki, ndipo dzuwa likawaotcha zaka zingapo amasanduka achikasu ngati muli nkhungu mkati. Galasi lotere limadya kuwala, komanso kumene kwatsalako limakumwaza paliponse, ndiye mukaikamo babu lamphamvu mwangowonjezera komwazikako. Litsukeni, lipaleni ndi sandipepa yonyowa kuyambira nambala 800 kenako 1500 mpaka 3000, polishani, pomaliza mupake mankhwala oteteza ku dzuwa, apo ayi pakapita miyezi yochepa chikasu chija chibweranso. Suzumiraninso mbale yonyezimira ya kumbuyo kwa babu, ija amati rifulekita. Ngati yapsa kapena yasupuka palibe babu lingakuthandizeni, pamenepo pafunika laiti yonse yatsopano.

Chachiwiri ndi magetsi. Injini ikuyenda, malaiti ali oyaka, pimani ndi mita mavoti pa batire kenako mupime pa pulagi ya babu. Kusiyana kukakhala kwakukulu ndiye kuti mawaya akalamba, kapena waya wa ethi, uja womangidwa ku chitsulo cha motoka, wachita dzimbiri pomwe anamangira. Babu la halojeni, babu wamba lija la kawaya koyaka mkati, silichedwa kudandaula, mavoti akatsika ndi 10 peresenti kuwala kumatsika ndi pafupifupi 30 peresenti. Anthu ambiri amene amati mababu awo ndi ofooka vuto lawo limakhala ili, ndipo kupala ethi kapena kuika rilei, kaswitchi koyendera magetsi, yotenga magetsi ku batire mwachindunji, ndi fyuzi yake pafupi ndi batire, kumabweza kuwala konse popanda kusintha babu.

Manje tibwere pa babu lenileni. Zulani lakale muwerenge nambala imene yalembedwa pa chitsulo chake, ndipo mugule nambala yomweyo basi. H4 ili ndi timawaya tiwiri mkati, ka fulu ka mawati 60 ndi ka dimu ka mawati 55. H7, H1 ndi H11 ndi a kawaya kamodzi, mawati 55. Palinso HB3 ndi HB4, amene ena amawadziwa kuti 9005 ndi 9006. Lililonse lili ndi mapini ake oti lilowe njira imodzi yokha, ndiye mukaona kuti mukukakamiza, kapena mwayamba kuganiza zopinda kachitsulo kuti lilowe, lekani, si lake. Mababu a mawati 100 asiyeni. La mawati 55 limakoka maampu osafika 5, la 100 limakoka opitirira 8, ndipo pulagi ndi mawaya a motoka yanu sanapangidwire zimenezo. Mudzayamba kumva kafungo ka pulasitiki yopsa, mukadzazula pulagi mudzaipeza yakuda, yosungunuka mbali imodzi, itamatirira pa babu. Ngati mufuna halojeni yowala bwino, alipo mababu a mawati 55 omwewo olembedwa +100 kapena +150 peresenti, monga Osram Night Breaker kapena Philips RacingVision, amawala bwino ndipo kuwala kumagwera pamalo pake, kungoti amapsa msanga kuposa wamba. Yang'anani chizindikiro cha E ndi nambala yake pa babu, ndicho chisonyeza kuti linapimidwa motsata malamulo a UN a zamagalimoto.

Pa nkhani ya mababu a LED ndi pamene ambiri tikulakwitsa, ndipo ndifuna mumvetse chifukwa chake osangomva kuti musachite. Rifulekita ija anaiumba poyang'ana kawaya kakang'ono ka mkati mwa babu la halojeni, pomwe kali, kutalika kwake, kunenepa kwake, mpaka pa milimita. Kuwala kukachokera pa kamalo komweko mbale ija imakutenga n'kukuponya pa mseu, m'mwamba n'kusiyamo mdima. Mukaikamo LED yokhala ndi matchipi (tizidutswa totulutsa kuwala) akuluakulu, kapena ija ya mbali zinayi, kuwala kukuchokera pamalo ena, ndiye mbale ija imakuponya m'mitengo, m'magalasi a motoka ya patsogolo, m'maso mwa oyenda pansi. Inu muli pa chiwongolero mumaona ngati zawala kwambiri chifukwa pafupi pa bampala payera kuti mbee ndipo zikwangwani zikunyezimira, koma patali pamene mufunika kuona pamakhala pakuda kuposa kale, maso anu azolowera kuwala kwa pafupiko. Ndiye mwalipira ndalama kuti inu muone pang'ono, mnzanu asaone n'komwe.

Ngati mwatsimikiza kuti LED mufuna ndithu, njira yabwino ndi kugula laiti yonse imene inapangidwira LED. Ngati mungosintha babu, sankhani la matchipi ang'onoang'ono a mbali ziwiri pa kachitsulo kopyapyala, okhala ndendende pomwe pamakhala kawaya ka halojeni, mukhoza kuwaimika pamodzi lakale ndi latsopano n'kuyerekeza ndi maso. La H4 likhale ndi kachishango kake pa tchipi cha dimu. Poika, matchipi ayang'ane kumanzere ndi kumanja, ngati pa 3 koloko ndi 9 koloko, osati m'mwamba ndi pansi. Kumbuyo kwake kuli kafani kapena zitsulo zoziziritsira, musazipanikize, koma musatayenso labala yotsekera fumbi, laiti ikalowa fumbi ndi madzi yatha. Mamotoka ena amaonetsa pa dashibodi kuti babu lapsa chifukwa LED imakoka magetsi ochepa, pamenepo pamafunika kadikoda ka CANbus, kachipangizo kothetsa chenjezo limenelo. Ndipo mufunse kaye ngati malamulo akuvomereza, chifukwa m'maiko ambiri kuika LED kapena zenoni mu laiti ya halojeni motoka imalephera fitinesi.

Zenoni, imene ena amati HID, mu rifulekita ya halojeni musaike ngakhale pang'ono. Babu la zenoni la D2S limatulutsa malumeni (muyeso wa kuchuluka kwa kuwala) pafupifupi 3200 pamene H7 imatulutsa 1500, ndipo malo ake ndi mu pulojekita, laiti ija ya kagalasi kozungulira ngati diso, imene ili ndi chitsulo mkati chodula kuwala kwa m'mwamba. N'chifukwa chake lamulo la UN nambala 48 limati dimu yopitirira malumeni 2000 ikhale ndi chotsukira galasi, ndiponso mamotoka a zenoni a ku fakitale amabwera ndi chodziwongolera chokha motoka ikalemedwa. Chenjeraninso ndi balasti yake, kabokosi koyatsa babu la zenoni, poyatsa imaponya mavoti opitirira 20,000, musaigwire batire isanachotsedwe.

Nambala ya K pa bokosi, 3000K, 4300K, 6000K, ndi mtundu wa kuwala chabe, si mphamvu. Halojeni ili cha pa 3200K, zenoni ya ku fakitale cha pa 4300K. Mukapitirira 6000K mwalowa mu buluu, amene amapweteka maso a anzanu ndipo pa mseu wonyowa amangosowa.

Kuika kwake sikuvuta. Zimitsani injini ndi malaiti, dikirani babu lizizire, zulani pulagi, chotsani labala, masulani kasipuling'i kapena potolozani babu lituluke. Galasi la babu latsopano musaligwire ndi zala, mafuta a m'manja amapsererapo n'kulipha msanga, mukaligwira mwangozi pukutani ndi sipiriti. Sinthani onse awiri tsiku limodzi. Mukabwezera gwedezani pang'ono muone ngati lakhala bwino, babu lopendekeka limathobwa anthu ngakhale litakhala loyenera.

Ngati mugula laiti yonse, onani mbali ya mseu imene inapangidwira. Dimu simakhala yofanana mbali zonse, imakwera pang'ono mbali ya m'mphepete mwa mseu kuti muone oyenda pansi ndi a njinga. Kwa ife oyenda kumanzere iyenera kukwera kumanzere. Pa laiti ya chizindikiro cha E, mukaima kutsogolo n'kuiyang'ana, kamuvi koloza kudzanja lanu lamanja ndiye kuti ndi ya oyenda kumanzere, kamuvi ka mitu iwiri ikhoza mbali zonse, yopanda kamuvi ndi ya maiko oyenda kumanja ndipo imeneyo idzakwezera kuwala m'maso mwa aliyense wokumana naye, ngakhale muiwongole bwanji.

Manje ntchito imene ambiri amaidumpha, chonsecho ndiyo yofunika kuposa zonse zimene tanenazi, kuwongola malaiti pa khoma. Nthawi iliyonse mwasintha babu, chitani izi. Pezani malo athyathyathya ndi khoma loyera, kukada. Matayala akhale ndi mpweya wokwanira, mu buti musakhale katundu wolemera, pa mpando wa dalaivala pakhale munthu, ndipo ngati motoka yanu ili ndi kawilo kotsitsira malaiti ka manambala 0 mpaka 3 kaikeni pa 0. Yandikizani motoka pa khoma, pimani ndi tepi kuchokera pansi kufika pakati pa laiti iliyonse, mumate selotepi pa khoma pa msinkhu womwewo, moyang'anizana ndi laiti iliyonse. Bwererani m'mbuyo molunjika mpaka magalasi a malaiti atalikirane ndi khoma mamita 10. Pa laiti kapena pafupi nayo pamakhala palembedwa kanambala ngati 1.0% kapena 1.2%, ameneyo ndiye muyeso wanu, 1.0% ndiye kuti pa mamita 10 malire a kuwala atsike masentimita 10 pansi pa selotepi ija, 1.2% masentimita 12. Malo akachepa imani pa mamita 5 mugawe manambalawo pawiri.

Yatsani dimu, phimbani laiti imodzi ndi katoni, osaigunditsa pa galasi nthawi yaitali chifukwa limatentha. Pa khoma muyenera kuona mzere wooneka bwino, pansi kuwala, pamwamba mdima, kenako pakati mzerewo n'kuthyoka kukwera chakumanzere. Kumbuyo kwa laiti kuli zomangira ziwiri, china chokweza ndi kutsitsa, china cha kumanzere ndi kumanja. Potolozani pang'onopang'ono mpaka mbali yogona ya mzere ifike pa muyeso wanu, ndipo pothyokera paja pakhale molunjika ndi selotepi ya laiti imeneyo. Mukatero chitaninso inayo. Koma mukaona kuti mzere kulibe, pa khoma pangoti mbuu ngati mwawaza ufa, kuwala kwina kwakwera mpaka pamwamba, musavutike ndi sikurudiraiva, babulo silikugwirizana ndi laiti yanu. Lichotseni mubwezere la halojeni.

Mafogi ntchito yake ndi ina. Mu nkhungu, mvula yamphamvu kapena fumbi, kuwala kokwera kumagunda timadontho n'kubwerera m'maso mwanu, ndiye fogi imakhala pansi, kuwala kwake n'kotambalala koma kwafupi, kuti muone m'mphepete mwa mseu ndi mizere mukuyenda pang'onopang'ono. Si yoonera patali. Imangeni mu bampala, osachepera masentimita 25 kuchokera pansi ndiponso osapitirira msinkhu wa dimu, pa chitsulo cholimba kuti isamagwedere. Mtundu ukhale woyera kapena wachikasu, ine ndimakonda wachikasu chifukwa sutopetsa maso mu mvula. Mababu ake kawirikawiri ndi H3, H8, H11 kapena H16, ndipo apa samalani, H8 ndi ya mawati 35, H16 ndi 19, kukakamiza H11 ya 55 mu kafogi ka pulasitiki kumakasungunula. Ikhale ndi rilei yake, fyuzi yake, switchi yake ndi kalaiti kokukumbutsani kuti yayaka. Pa khoma lija itsike kwambiri kuposa dimu, cha pa masentimita 20 pa mamita 10 kuchokera pa msinkhu wa fogiyo.

Musalakwitse kugula masipoti, malaiti oonjezera oonera patali, n'kumati ndi mafogi. Sipoti ndi ba ya LED, laiti yaitali ija ngati ndodo, zilibe malire a kuwala, ndi fulu weniweni, ndiye zilumikizeni kuti ziziyaka pokhapokha fulu ali woyaka, mukadima nazonso zizime. Fogi ya kumbuyo, yofiira ija, imawala ngati buleki, nkhungu ikatha izimitseni chifukwa wokutsatirani sadzadziwa kuti mwaponda liti. Mukanyamula anthu kumbuyo kapena katundu mu buti, mphuno ya motoka imakwera, tsitsani malaiti ndi kawilo kaja pa 1 kapena 2, mukatsitsa katundu mubwezere pa 0.

Zonse zikatha yesani ndi maso anu. Imikani motoka pamalo oongoka, dimu ndi mafogi zili zoyaka, muyende mamita 25 kutsogolo mbali imene amadutsa okumana nanu, munjute mpaka maso afike pa msinkhu wa munthu wokhala mu motoka yaing'ono, muyang'ane. Ngati mukutsinzina, bwererani ku khoma. Ndipo masiku oyambawo mukaona awiri kapena atatu akukuphethirani malaiti inu muli pa dimu, musawabwezere fulu, tsitsani malaiti anu ndi masentimita ena angapo muonenso ngati babu lakhala bwino m'malo mwake.