Pulani ya Namondwe Si Yongodzaza Kuti Mupatsidwe Inshuwalansi

Nyengo ino ndaonanso eni mabwato a yacht ku Grenada ndi ku Carriacou, zilumba za kumwera kwa nyanja ya Caribbean, akuchita zomwe takhala tikuwaletsa chaka ndi chaka. Kampani ya inshuwalansi ikawatumizira fomu yofunsa kuti namondwe akamabwera bwato adzaliika kuti, ndipo adzalisamale ndani, iwo akungolembapo zoti asangalatse kampaniyo. Akulemba kuti bwato lidzavuulidwa, lidzamangidwa pamtunda ndi malamba, matanga adzachotsedwa. Akatero akusainira, n'kukwera ndege ulendo wa ku London kapena ku Cape Town, bwato atalisiya pa nangula mmodzi, matanga ali pamlongoti.

Pepala limenelo ndi mbali ya pangano. Mukalemba kuti mudzavuula bwato koma namondwe n'kulipeza pamadzi, kampani imakhala ndi pogwira pokana kulipira kapena podula ndalamazo. Woona zowonongeka akafika, choyamba amatsegula pulani yanu ija n'kuyerekeza ndi zomwe wapeza. Thanga lakutsogolo lomwe linangokulungidwa m'malo motsitsidwa limafunyululuka mphepo ikakula, n'kukoka bwato mpaka zingwe kuduka. Zimenezi sizibisika. Nsanza zake zimakhala zikulendewera pamlongoti, aliyense akuziona.

Ndipo ngakhale kampani ivomere kulipira, namondwe wamphamvu yemwe akatswiri a zanyengo amupatsa dzina ali ndi mawerengedwe akeake. Gawo lomwe mwini amalipira yekha limakwera, pamapangano ambiri kufika 5 kapena 10 peresenti ya mtengo wa bwato. Bwato la madola 300,000, pa 10 peresenti, ndiye kuti madola 30,000 oyamba ndi a m'thumba mwanu. Onjezani kukoka bwato lomira kapena lokakamira m'mitengo ya mangrove, ngati pangano lanu limachotsa ndalama imeneyo pa mtengo womwewo wa bwato. Onjezaninso bwato la mnzanu lomwe lanu linaligunda litaduka.

Chomwe chimanditopetsa ndi mawu akale aja akuti "kuno kumwera namondwe safika". Namondwe Ivan anafika ku Grenada mu September 2004, anagwetsa mabwato omwe anali pamtunda, ndipo makampani angapo anasintha malire a komwe amalola bwato kukhala m'nyengo ya anamondwe chifukwa cha iye. Beryl anagunda Carriacou pa 1 July 2024, nyengo ya anamondwe itangotha mwezi umodzi, n'kuunjika mabwato omwe anathawira m'mangrove a ku Tyrrel Bay. Ku Tortola, chilumba cha ku British Virgin Islands, Irma anachita zomwezo ku Paraquita Bay mu 2017, pamalo pomwe aliyense ankati m'pobisala. Komabe munthu akuuza kuti bwato lake lakhala pamenepo zaka zambiri osaona vuto. Fisi akachedwa kubwera kukhola sindiye kuti wasiya kudya mbuzi.

Bambo wina wolima nutmeg, yemwe amapezako kangachepe poyang'anira mabwato a azungu, anandiuza nkhani yake akuseka koma mtima ukuwawa. Akuti tsiku lina analandira foni kuchokera ku kampani ya inshuwalansi kumufunsa chifukwa chake sanasamutse bwato lina. "Bwana, ine bwato limenelo ndinkangolitsuka ndi kuyang'ana mabatire. Kuliyendetsa sindidziwa, kiyi wa injini ndilibe. Tsikulo ndinali kukhomerera malata a nyumba yanga." Mwini bwato anali atalemba dzina la bamboyo pa fomu kuti ndiye woyang'anira pa nthawi ya namondwe, osamuuza n'komwe. Ndipo ndani angasiye ana ndi denga lake kuti akamange bwato la munthu amene ali kutsidya la nyanja?

Enanso amadikira kuti National Hurricane Center, ofesi ya ku Miami yoona za anamondwe, ilengeze kaye, ndiye ayambe kuimba mafoni. Chenjezo nthawi zambiri limatuluka kutatsala maola 48 kuti mphepo yamphamvu iyambe. Nthawi imeneyo makina ovuulira mabwato amakhala atagwidwa ndi omwe analipiriratu malo, ndipo makampani amasiya kugulitsa kapena kuwonjezera inshuwalansi m'dera lomwe namondwe akulunjika.

Zochita si zambiri. Isanafike 1 June, pomwe nyengo ya anamondwe imayamba, tsegulani pangano lanu muone malire a komwe bwato liyenera kukhala mpaka 30 November, chifukwa kampani iliyonse ili ndi mzere wake. Lembani pulani yomwe mungathedi kuichita. Woyang'anira mugwirizane naye polemba, mumulipire, mumusiyire makiyi. Malo a pamtunda lipiriranitu. Sankhani pangano lomwe mtengo wa bwato mwagwirizaniratu, osati lomwe amachotsera kutha kwa bwato, ndipo funsani ngati kuchotsa bwato lomira kuli ndi ndalama yake payokha. Mukamaliza kumanga, jambulani zithunzi zokhala ndi deti. Pulani ikasintha, idziwitseni kampani pa imelo, ikuyankheni polemba.